Mutu ukuwawa kuseri kwa diso, kenako diso layamba chimbuuzi: chitani izi

Anthu ambiri sadziwa kuti mkati mwenimweni mwa mphuno, chakumbuyo, muli kamphako kotchedwa sphenoid sinus, ndipo mtsempha womwe umanyamula zomwe diso laona kupita ku ubongo umadutsa pakhoma pakepo. Fupa lake ndi lopyapyala zedi, mwa anthu ena palibe n'komwe. Ndiye mafangasi ngati Aspergillus kapena Mucor, chuku chomwechi chimapezeka m'dothi ndi pa zinthu zowola, akakhazikika mmenemo amafinya mtsemphawo kapena kutseka magazi opitako.

Choyamba yesani maso anu limodzilimodzi. Phimbani lakumanja ndi chikhatho, yang'anani chinthu chofiira, kenako sinthani. Ngati diso lina likuona kufiirako kozilala ngati nsalu yosuluka, kapena pakati pali mdima, imeneyo si nkhani ya magalasi ayi. Timachedwa kuzindikira chifukwa diso labwino limabisira linzake.

Onaninso ngati mphuno yatseka mbali imodzi yokha kwa masabata, tsaya lachita dzanzi, chikope chagwa, diso latong'oka kapena mukuona zinthu ziwiriziwiri. Nkhanambo yakuda m'mphuno kapena kumwamba kwa m'kamwa ndiye musagone nayo, thamangani kuchipatala usiku womwewo, makamaka ngati muli ndi shuga wosatsika, mukumwa ma steroid (mankhwala ochepetsa kutupa), muli pa mankhwala a khansa kapena chitetezo cha m'thupi chinatsika. Ku India mu 2021 nthawi ya COVID anthu oposa 40,000 anadwala mucormycosis, matenda obwera ndi fangasi ngati Mucor, ambiri anali a shuga omwe analandira ma steroid, ena mpaka anawachotsa diso.

Mukafika kwa adokotala nenani zonse pamodzi, za diso, za mphuno, za shuga, osangoti diso likundivuta basi, chifukwa matendawa amafanana ndi kutupa wamba kwa mtsempha komwe amapereka ma steroid, pomwe steroid yekha pa fangasi amangowonjezera moto. Funsani za kujambula kwa CT kapena MRI, komanso kuti madokotala a mphuno ndi makutu alowetse kakamera m'mphuno ndi kutapa kanyama kokayeza.

Maantibayotiki ndi mankhwala odonthezera m'maso sathandiza apa, musataye nawo masiku. Nthawi zambiri pamafunika opaleshoni yodzera m'mphuno kuchotsa zowolazo, ndipo ngati fangasi walowa m'minofu amaika mankhwala olimbana ndi fangasi otchedwa amphotericin B pa diripi uku akuyeza impso pafupipafupi, kapena voriconazole ngati ndi Aspergillus. Mtsempha wa diso ukafa sumeranso, nde diso likayamba kuzima werengani maola osati masabata.