Katemela wa Fuluwenza wa Caka ndi Caka: Malangizo kwa Wolandila ndi Womusamalila

Welengani malangizo awa musanalandile katemela wa fuluwenza, kapena musanapeleke mwana wanu kapena kholo lanu lokalamba kuti akabaidwe. Alembedwa kuti akuthandizeni kusankha mukudziwa bwino zimene mukucita, koma salowa m'malo mwa dokotala kapena nesi amene amadziwa mbili ya thanzi lanu. Anthu ambili amafunsa ngati pali phindu lenileni kubaidwa caka ciliconse. Phindu lilipo, ndipo ndi lalikulu kwambili kwa anthu amene matendawa angawagoneke m'cipatala. Komabe katemelayu ali ndi polekezela pake, ndipo zonse ziwilizi tazifotokoza mosabisa.

Fuluwenza si cimfine wamba

Cimfine wamba cimayamba pang'onopang'ono ndi mamina komanso kuyetsemula, ndipo munthu amatha kupitiliza nchito zake. Fuluwenza imagwila mwadzidzidzi. Munthu amene anadzuka bwinobwino m'mawa, pofika madzulo thupi limakhala litatentha, mutu ukuwawa, m'thupi monse mukuphwanya, akutsokomola cifuwa couma, ndipo alibe ngakhale mphamvu zodzuka pogona. Zizindikilo zimaonekela pakapita tsiku 1 mpaka masiku 4 kucokela pamene kacilombo kanalowa m'thupi, ndipo munthu angayambe kupatsila anzake kutatsala tsiku limodzi kuti iye mwini azindikile kuti wadwala. Ambili amacila pasanathe mlungu umodzi, ngakhale kuti cifuwa cingapitilize kwa milungu iwili kapena kuposelapo.

Si onse amene amacila mosavuta conco. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limayelekezela kuti caka ciliconse anthu pafupifupi 1 biliyoni amadwala fuluwenza, anthu 3 mpaka 5 miliyoni mwa amenewa amadwala mwakayakaya, ndipo anthu a pakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalila cifukwa ca mavuto a kapumidwe obwela ndi matendawa. Kawilikawili cimene cimapha ndi cibayo, kaya coyambitsidwa ndi kacilombo komweko kapena ndi mabakiteliya amene amapezelapo mwayi mapapo akafooka. Fuluwenza imadzutsanso matenda amene munthu anali kukhala nawo bwinobwino: mphumu imakula, shuga imavuta kuiwongolela, ndipo mtima umene unali wofooka kale ungalephele kupilila.

Cifukwa cake katemela amabwelezedwa caka ciliconse

Tizilombo ta fuluwenza timene timafala pakati pa anthu tili m'magulu awili aakulu, A ndi B. M'gulu la A muli mtundu wa H3N2 ndi mtundu wa H1N1, umene unafalikila padziko lonse mu 2009 ndipo wakhala ukuzungulila kucokela nthawiyo. Tizilomboti timasintha maonekedwe a kunja kwake pang'onopang'ono pamene tikuculukana, moti citetezo cimene thupi linapanga caka catha cingalephele kuzindikila bwino kacilombo ka caka cino. Ndiponso citetezo cocokela ku katemela cimacepa mphamvu miyezi ikamapita, makamaka mwa okalamba. Conco kubwelezako sikutanthauza kuti katemela woyamba sanagwile nchito, koma kuti mdani amene anakonzedwela wasintha ndipo thupi lifunika kukumbutsidwa.

Kucokela mu 1952, bungwe la WHO lakhala likugwilizanitsa malo opimilako tizilombo a m'maiko ambili, amene amatenga tizilombo kwa odwala caka conse ndi kuona mmene tikusinthila. Akatswili amakumana kawili pacaka kuti asankhe mitundu yoyenela kulowa m'katemela: mu February amasankhila maiko a kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo mu September amasankhila maiko a kum'mwela. Opanga katemela amafunika miyezi ingapo kuti amalize nchito yawo, ndiye cifukwa cake cisankhoco cimacitika nyengo ya matendawa ikali kutali. Kwa zaka zingapo akatemela ambili anali ndi mitundu inayi, koma popeza kuti mtundu wa B/Yamagata sunapezekenso kucokela mu March 2020, bungweli linalangiza mu 2023 kuti ucotsedwe. Mukaona kuti pa kabokosi palembedwa mitundu itatu m'malo mwa inayi, musaganize kuti mwapatsidwa katemela wopelewela.

Amateteza kufika pati?

Apa mpofunika kunena zoona zokhazokha, cifukwa munthu akayembekezela zambili kuposa zimene katemela angacite, amakhumudwa n'kuleka. M'zaka zimene mitundu yosankhidwa yagwilizana bwino ndi tizilombo timene tafala, katemela amacepetsa ngozi yodwala fuluwenza ndi mbali 40 mpaka 60 pa 100. M'zaka zina kacilombo, makamaka ka H3N2, kamasintha katemela atapangidwa kale, ndipo citetezo cimatsika kuposa pamenepa. Ciwelengeloci ndi cocepa tikayelekezela ndi katemela wa cikuku, amene amateteza pafupifupi aliyense amene wamulandila kawili.

Nanga n'cifukwa ciani tikulimbikitsabe kubaidwa? Coyamba, fuluwenza ndi yofala kwambili moti kucepetsa odwala ndi theka ndi kupulumutsa anthu oculuka zedi. Caciwili, phindu la katemela silimathela pa kupewa kudwala. Munthu wobaidwa akadwalabe, nthawi zambili matenda sakula kwambili, ndipo ngozi yogonekedwa m'cipatala kapena kumwalila imacepa. Kwa wacinyamata wathanzi, phindu lingakhale kupewa kugona mlungu wathunthu osapita ku nchito kapena kusukulu. Kwa agogo a zaka 75 amene ali ndi matenda a mtima, nkhani yake ndi ya moyo weniweni, ndipo ngakhale citetezo ca theka si cinthu cocinyalanyaza. Cacitatu, munthu amene sanadwale sapatsila ena, ndipo zimenezi zimathandiza khanda ndi wodwala amene mukukhala naye m'nyumba.

Ena amati anabaidwa koma anadwalabe cimfine. Zimenezi zimacitikadi, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Pali tizilombo tina tambilimbili timene timayambitsa cifuwa ndi cimfine m'nyengo imodzimodziyo, ndipo katemelayu sakonzedwela timeneto, ngakhalenso ka COVID-19. Komanso thupi limatenga milungu pafupifupi iwili kuti lipange citetezo, moti munthu amene watenga kacilombo masiku ocepa asanabaidwe kapena atangobaidwa angadwale ndithu. Katemela wobaya alibe kacilombo kamoyo, conco iye payekha sangakudwalitseni fuluwenza.

Amene afunika kwambili kubaidwa

Munthu aliyense wa miyezi 6 kupita m'tsogolo angalandile katemelayu, koma bungwe la WHO limaika patsogolo azimayi apakati, ana osakwana zaka 5, okalamba, anthu a matenda okhalitsa, ndi ogwila nchito zaumoyo. Pa matenda okhalitsa tikunena za mphumu ndi matenda ena a m'mapapo, a mtima, a impso, a ciwindi, shuga, ndiponso ciliconse cimene cimafooketsa citetezo ca m'thupi, monga HIV kapena mankhwala a khansa. Amene ali ndi HIV angalandile katemela wobaya popanda vuto, ndipo asaleke kumwa mankhwala awo a tsiku ndi tsiku.

Za azimayi apakati zifunika kufotokozedwa mwapadela, cifukwa ambili amaopa kuti katemela angavulaze mwana. Pakati pamasintha kagwilidwe ka nchito ka mapapo, mtima ndi citetezo ca m'thupi, moti fuluwenza imakula msanga mwa mayi woyembekezela. Katemela wobaya angapelekedwe pa mwezi ulionse wa pakati. Citetezo cimene mayi amapanga cimadutsa kupita kwa mwana asanabadwe, ndipo cimamuteteza m'miyezi yoyambilila, nthawi imene iye sangathe kubaidwa. Kafukufuku amene anacitika ku Soweto, m'dziko la South Africa, ndipo zotsatila zake zinafalitsidwa mu 2014, anapeza kuti katemela anacepetsa fuluwenza ndi pafupifupi theka mwa azimayi apakati, a HIV ndi opanda HIV omwe, komanso mwa makanda obadwa kwa azimayi opanda HIV.

Musanabaidwe, uzani nesi zinthu izi

Musalandile katemelayu ngati munadwalapo moopsa mutangobaidwa katemela wa fuluwenza m'mbuyomu, monga kutupa nkhope ndi pakhosi kapena kubanika. Khanda losakwana miyezi 6 silibaidwa. Ngati tsiku limenelo thupi latentha kwambili kapena mukudwala ndithu, yembekezelani mpaka mutacila, koma kacimfine kocepa si cifukwa cobwelela kunyumba. Uzani nesi ngati munadwalapo matenda a mitsempha ochedwa Guillain-Barré, amene amafooketsa miyendo ndi manja, ndiponso ngati mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana kapena muli ndi vuto lotaya magazi osaleka msanga.

Akatemela ambili a fuluwenza amapangidwa mwa kukulitsa kacilombo m'mazila a nkhuku, conco chulani ngati thupi lanu limadana ndi mazila. Zotsalila za dzila m'katemela ndi zocepa kwambili, ndipo ambili a vuto limeneli amabaidwa bwinobwino, koma ndi bwino kuti wobayayo adziwiletu. M'maiko ena mulinso katemela wopopela m'mphuno, amene ali ndi kacilombo kamoyo kofooketsedwa. Ameneyo sapelekedwa kwa azimayi apakati, kwa ana osakwana zaka 2, kapena kwa anthu amene citetezo cawo ca m'thupi cafooka kwambili.

Kapelekedwe kake ndi nthawi yoyenela

Katemela amabaidwa mu mnofu, kumtunda kwa mkono kwa akuluakulu ndi ana okulilapo, ndipo pa nchafu kwa makanda. Mlingo wa munthu wamkulu ndi mamililita 0.5, kamodzi pacaka. Mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 8 amene akulandila koyamba amabaidwa kawili, motalikilana milungu yosacepela 4, ndipo makolo aonetsetse kuti abwelela kukamaliza, cifukwa kubaya koyamba pakokha sikupeleka citetezo cokwanila kwa mwana wotele. Katemelayu angapelekedwe tsiku limodzi ndi akatemela ena, kuphatikizapo wa COVID-19, malinga abaidwe pamalo osiyana.

Nthawi yabwino ndi milungu ingapo nyengo ya fuluwenza isanayambe. Kumene kuli nyengo yozizila yodziwika bwino, matendawa amaculuka m'miyezi yozizilayo, ndipo kum'mwela kwa dziko lapansi katemela watsopano amayamba kupezeka ca m'ma March ndi April. M'madela otentha fuluwenza ingafale nthawi iliyonse pacaka, conco tsatilani zimene akuluakulu a zaumoyo a m'dziko lanu alengeza. Ngati mwacedwa, baidwanibe, pakuti tizilombo timapitiliza kuzungulila kwa miyezi ingapo. Funsani kuti muone caka colembedwa pa kabokosi ndi tsiku lothela mphamvu. Katemela ayenela kusungidwa m'filiji pa madigili 2 mpaka 8, ndipo amene anaumapo ngati madzi oundana asagwilitsidwe nchito.

Mukabaidwa

Khalani pamalopo kwa mphindi 15 kuti nesi aone mmene thupi lalandilila. Ambili amamva kuwawa, kufiila kapena kutupa pang'ono pamene abaidwa, ndipo ena amamva kutopa, mutu, kuphwanya m'thupi kapena kutentha thupi pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awili. Zimenezi zimatha zokha, ndipo ngati zikukuvutitsani mungamwe paracetamol motsatila mlingo wolembedwa. Vuto loopsa la thupi kudana ndi katemela limacitika mwa munthu pafupifupi mmodzi pa anthu 1 miliyoni obaidwa, ndipo nthawi zambili limayamba pasanapite nthawi yaitali. Matenda a Guillain-Barré amagwila munthu mmodzi kapena awili pa 1 miliyoni obaidwa, ndipo ngozi ya matendawa ndi yaikulu kwa amene wadwala fuluwenza yeniyeniyo kuposa kwa amene wabaidwa. Mukaona kutupa kwa milomo kapena nkhope, zidzolo thupi lonse, kubanika, cizungulile cacikulu, kapena kufooka kwa miyendo kumene kukukulilakulila m'milungu yotsatila, pitani kucipatala nthawi yomweyo ndipo munene tsiku limene munabaidwa.

Ngati mwadwalabe fuluwenza, pumulani kunyumba, imwani madzi ambili, phimbani pakamwa potsokomola, ndipo sambani m'manja pafupipafupi. Mankhwala opha mabakiteliya, monga amoxicillin, sapha kacilombo ka fuluwenza, conco musamwe pokhapokha dokotala atakulembelani. Musapatse aspirin mwana kapena wacicepele amene ali ndi fuluwenza, cifukwa angayambitse matenda oopsa a ciwindi ndi ubongo. Amene ali m'magulu a ngozi amene tachula aja aonane ndi dokotala mwamsanga ngakhale anabaidwa, pakuti mankhwala olimbana ndi kacilomboka, monga oseltamivir, amathandiza kwambili akayambidwa pasanathe maola 48 kucokela pamene zizindikilo zinayamba. Munthu amene akupuma movutikila, akumva kuwawa pacifuwa, wasokonezeka maganizo, kapena anayamba kupeza bwino kenako thupi n'kutenthanso, afunika kupita naye kucipatala tsiku lomwelo, ndipo cimodzimodzinso mwana amene akukana kuyamwa kapena kumwa, akupuma mofulumila, kapena akuvuta kumudzutsa.