Tchuthi cha uchembere chatha: momwe mungasiyire mwana chakudya chosamudwalitsa

Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa mayi wa ku Malawi tchuthi cha uchembere chosachepera masabata 8. A zaumoyo nawo amati mwana ayamwe bere lokha mpaka miyezi 6. Pakati pa manambala awiriwa pali miyezi 4 imene mayi amakhala ku ofesi, ku fakitale kapena pa benchi mumsika, mwana ali m'manja mwa wina. Ine nkhawa yanga siili pa chimene mayi amaphika. Ili pa maola aja amene chakudya chimakhala chikudikira mwana, mayi kulibe.

Yambani tchuthi chisanathe

Kukatsala masabata awiri, yambani kuphunzira kufinya mkaka. Tsiku loyamba mwina mupeza timadontho tongonyowetsa pansi pa kapu, musataye mtima, manja amazolowera ndipo bere limapanga mkaka molingana ndi umene ukutuluka. Sambani m'manja ndi sopo. Ikani chala chachikulu pamwamba pa mbali yakuda ya bere, chala cholozera pansi pake, kankhirani mkati molunjika pachifuwa, kenako finyani ndi kusiya, finyani ndi kusiya. Musakoke nsonga ya bere, mungodzipweteka.

Masiku omwewa mwana aphunzire kumwa ndi kapu, ndipo womumwetsa akhale yemwe azidzatsala nayeyo. Botolo limaoneka lamakono, koma mphira wake umabisa zotsalira za mkaka m'malo amene chala sichifika. Kapu mumaiona mkati monse.

Kambiranani ndi abwana anu msanga. Kusintha kwa lamulo la ntchito kwa m'chaka cha 2021 kunapatsa mayi mpata woyamwitsa kwa theka la ola kawiri pa tsiku mwana asanakwane miyezi 6. Ngati kunyumba ndi kutali, mpata umenewo finyirani mkaka, apo ayi mabere amatupa ndipo mkaka umayamba kuchepa.

Werengani maola a mkaka

Mkaka wofinya uikidwe mu kapu yoyera yokhala ndi chivundikiro. Pamalo pozizira bwino m'nyumba ukhoza kukhala maola 4. Mu furiji yoyenda bwino umakhala masiku 4, muuike chakumbuyo osati pa chitseko. Koma tonse tikudziwa za kuthimathima kwa magetsi: akathima nthawi yaitali furiji n'kufunda, muyambe kuwerenga ngati mkakawo uli pa tebulo. Kotentha ngati ku Nsanje, Chikwawa kapena Salima mu Okutobala, perekani msanga maolawo asanakwane. Opanda furiji, imikani kapuyo m'beseni la madzi ozizira pamthunzi.

Lembani nthawi pa kapepala n'kumata pa kapu iliyonse. Wolera asawiritse mkakawu, angoimika kapu m'madzi ofunda. Ukaoneka kuti mafuta ayandama pamwamba sunawonongeke ayi, angoupukusa pang'ono. Umene mwana wasiya atamwako usadutse maola 2.

Apa mpofunika kulankhula mwaulemu koma mosabisa ndi agogo ake kapena apongozi. Mwana akamalira masana, mtima wa munthu wamkulu umati ali ndi ludzu, kapena njala yamukulira, timupatse timadzi, katiyi, kaphala kamadzimadzi. Amachita mwachikondi. Auzeni kuti, "Amayi, kuchipatala anati asanakwane miyezi 6 asalawe kanthu, ngakhale madzi, akalira mumupatse mkaka uwu." Ndi bwinonso kupita nawo ku sikelo kamodzi akadzimvere okha kwa anamwino.

Ngati pazifukwa zina mwana akumwa mkaka wa m'chitini, dziwani kuti ufa wake ukhoza kukhala ndi tizilombo ngakhale chitini chili chatsopano. Madzi awire, azizire pang'ono osapitirira mphindi 30 kuti akhale akadali otentha madigiri 70, kenako musungunule motsata muyeso wolembedwa pa chitini ndi kuziziritsa musanamwetse. Kuwonjezera madzi kuti chitini chifike kumapeto a mwezi kumamuwondetsa mwana.

Miyezi 6 yakwana: yang'anani ufa musanayang'ane mphika

Mdani amene ambiri sitimuganizira ndi chuku. Chimanga ndi mtedza zikasungidwa zisanaume bwino zimachita chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Ameneyu amawononga chiwindi, ndipo ofufuza amamugwirizanitsa ndi kupinimbira kwa ana. Choopsa chake n'choti kuphika sikumuchotsa. Phala likhoza kuwira mpaka kubwadamuka, poizoniyo ali momwemo.

Choncho nsinjiro za mwana musagule zosinja kale za m'timapepala, chifukwa simungadziwe mtedza umene unalowamo. Gulani mtedza wathunthu, muuthire m'lichero Loweruka masana, musankhe umodziumodzi. Wofota, wosweka, wakuda, wofumbwa, wowawa mukaulawa, tayani. Musapatse nkhuku, musaponye m'ndiwo za akuluakulu. Chimanga chopita kuchigayo chisankhidwe chimodzimodzi. Sinjani zokwana sabata imodzi kapena awiri basi, musunge m'chigubu chouma chotseka bwino, osati pansi pa simenti.

Ogula ufa wa phala m'sitolo, monga Likuni Phala wa chimanga ndi soya, onani tsiku lothera ntchito, chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, komanso ngati paketi sinabooke. Ufa wa mabulumwa kapena wonunkha chinyezi ubwerere pa shelefu.

Phala likhale lolimbirako, losayenderera pa supuni mukaipendeketsa. Yambani ndi masupuni awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo pofika miyezi 9 azidya katatu kapena kanayi. Mgaiwa umaposa ufa woyera. Thiranimo nsinjiro lero, mawa usipa wosinja n'kusefa, mkuja dzira lopsa bwino kapena nkhwani zopota, ndi kasupuni ka mafuta ophikira. Nthochi, papaya, peyala ndi mbatata yofiira mkati n'zosavuta kwa wolera. Uchi ayi mpaka atakwana chaka, umatha kukhala ndi tizilombo tofooketsa minofu ya khanda. Mtedza wathunthu ndi mbuliwuli zimatsamwitsa. Mchere ndi shuga sakuzifuna.

Fulasiki ija

Amayi ambiri timadzuka 4 koloko, kuphika phala la tsiku lonse, kuthira mu fulasiki, n'kuthamangira minibasi mtima uli m'malo. Koma phala likayamba kuzirala n'kukhala lofunda chabe, m'pamene tizilombo timaswana kwambiri. Chakudya chophika chisakhale maola oposa 2 chisanadyedwe ngati sichili mu furiji. Njira yabwino ndi kuyezeratu ufa wa chakudya chilichonse m'timabakuli, wolera aziphika chatsopano nthawi ikakwana. Makala apita ochulukirapo, inde, koma phala la mwana mmodzi silichedwa kupsa. Ngati n'la mu furiji, alitenthetse mpaka liwire, kamodzi kokha, ndipo lotsala m'mbale ya mwana litayidwe.

Muphunzitseni wotsala naye, pochita osati pongonena

Tengani tsiku limodzi lathunthu, iye aziphika inu mukuona. Onani ngati akusamba m'manja ndi sopo asanagwire chakudya, akachoka kuchimbudzi, akasintha thewera, komanso ngati akumusambitsa mwanayo m'manja. Asatafunire mwana chakudya, asauzire phala ndi pakamwa, asamukakate. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira WaterGuard, osungidwa mu ndowa yovundikira. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo njira yake inali madzi ndi manja omwewa. Ngati sopo watha, asaope kukuuzani. Wantchito amene amakalipiridwa pa chilichonse amabisa, ndipo chimene angabise tsiku lina ndi choti mwana watsegula m'mimba kuyambira m'mawa.

Pakhoma la kukhitchini matanipo pepala lokhala ndi nthawi za chakudya, nambala yanu ndi ya bambo ake. Pafupi pakhale mapaketi a Thanzi ORS, buku la kuchipatala la mwana ndi ndalama ya kabaza. Mumuuze kuti mwana akayamba kutsegula m'mimba ayambe kumumwetsa Thanzi ndi kukuimbirani. Akamasanza chilichonse, akakana kumwa, maso akalowa, liwombo likalowa, chimbudzi chikakhala ndi magazi, kapena akafooka osadzuka bwino, anyamuke kupita kuchipatala osadikira kuti muweruke, mukakumana komweko.