Momwe mungakonzere seva yachiwiri ya PostgreSQL kuti ntchito isaime

Sacco kapena sitolo ya kuno ku Mzuzu imene imadalira seva imodzi, disiki ikangofa ntchito yonse yaima. Mankhwala ake ndi seva yachiwiri yomwe imakopera pafupifupi nthawi yomweyo zonse zolembedwa mu PostgreSQL, pulogalamu yosungira data.

Maseva awiriwa musawaike m'chipinda chimodzi pa UPS (batire yothandiza magetsi akazima) imodzi. Ina ikhale ku Luwinga, ina ku Katoto, bola netiweki yapakati ikhale yodalirika. Zonse zikhale ndi PostgreSQL ya version yofanana, mwachitsanzo 16 ndi 16.

Pa seva yaikulu, mu fayilo ya postgresql.conf, wal_level ikhale pa replica, muyatsenso wal_log_hints, kenako muzimitse ndi kuyatsanso PostgreSQL. Pangani akaunti yokhala ndi mphamvu ya REPLICATION, muilembe mu pg_hba.conf, fayilo yonena za ololedwa kulowa, pamodzi ndi IP ya seva yachiwiri, mutsegule port 5432.

Pa yachiwiri, imitsani PostgreSQL, chotsani zonse za mufoda ya data, muyendetse pg_basebackup ndi -R, komanso -C ndi -S kuti ipange slot, chizindikiro chimene chimauza yaikulu kuti isunge zimene yachiwiri isanalandire. Mukaiyatsa, yang'anani pg_stat_replication pa yaikulu. Pakalembedwa streaming, zatheka.

Slot ija ili ndi msampha. Yachiwiri ikakhala chizimire masiku angapo, yaikulu imangosunga mafayilo a WAL, olembamo zosintha zonse, mpaka disiki kudzaza, nayonso n'kugwa. Ikani malire pa max_slot_wal_keep_size, mwachitsanzo 20GB.

Tsiku lomwe yaikulu yagwa, musathamangire kukweza yachiwiri kuti ikhale yaikulu. Yambani mwatsimikiza kuti yakaleyo siidzuka: zulani waya wa netiweki. Magetsi akabwera imadzuka ikudziyesabe mwini, ndiye ma kashiya ena amalemba uku, ena uko, ndipo kugwirizanitsa mabuku awiriwo ndi ntchito yowawa. Mukazula wayawo, lembani SELECT pg_promote() pa yachiwiri, mulozetse mapulogalamu ku IP yake. Zolemba zomaliza zomwe zinali zisanawoloke zitha kutayika, choncho fanizirani ndi malisiti. Yakale ija muibweze ndi pg_rewind, ikhale yotsatira.

Ofuna kuti zonsezi zizichitika zokha amagwiritsa ntchito mapulogalamu a Patroni ndi etcd, koma pamenepo pamafunika makina atatu, chifukwa awiri akasiya kulumikizana palibe mbali yochuluka yogamula.

Backup musasiye. Wina akafufuta tebulo molakwitsa, limafufutikanso pa seva yachiwiri nthawi yomweyo.