Kapekedwe ka sukulu ya matsenga ya m'nthano

Yambani ndi malo, dzina lidzabwera lokha. Adzukulu anga kuno ku Mufakose anabadwira mu Harare momwe muno, ndiye mukawaikira sukulu kudziko lozizira lomwe sanalionepo amangoyasamula. Yanga ili pansi pa dziwe lakuya longa la ku mapanga a Chinhoyi, ndipo makoma ake ndi miyala yosanja popanda matope, monga anamangira ku Great Zimbabwe.

Kenako ganizirani kalowedwe. Ine ndinabwereka za ku Mulanje. Akuluakulu amati kufupi ndi Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija, mizimu imasiya chakudya panjira, ndipo wochipeza adye osaitana mnzake. Ku sukulu yanga ndinazitembenuza: mwana amapeza nsima yotentha pathanthwe, akanyemerako mlendo wanjala khomo limatseguka.

Pofunika kukhalitsa ndi pa mtengo wa matsengawo. Chilichonse chikhale ndi malipiro ake. Woitana mvula mawu amamuthera mpaka mwezi uoneke. Womanga mphepo m'chipanda amaiwala dzina la m'bale wake mmodzi, ndipo sasankha yekha kuti ndi uti. Womva chilankhulo cha mbalame sagona, poti mpheta sizitha miseche. Mukapanda kutero, mwana wochenjera adzakufunsani kuti, "Agogo, bwanji sanangolodza chilombocho?" ndipo nthano yathera pompo. Malamulowa alembeni m'kope. Ana saiwala, ndipo mukasintha limodzi adzakugwirani pakamwa.

Aphunzitsi atatu akwana. Wamkulu wanga ndi Nanzikambe, yemwe funso la Lolemba amaliyankha Lachisanu. Kalulu musamupatse udindo, akhale wophunzira wobera mayeso.

Koma apa ndimvereni. Matsenga a m'nthano asayandikane ndi ufiti. Kuuluka pa lichero, kupita kumanda, agogo otenga ana usiku kukawaphunzitsa, zonsezi zitayeni kutali. Nkhani zotere kwathu zavulazitsa nkhalamba zenizeni, ngakhale kuti lamulo la ku Malawi la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti. Mwana akakazinena kusukulu mwina kutchalitchi, amene adzafunsidwe ndinu. N'chifukwa chake ku sukulu yanga ya m'nthanoyi maphunziro amachitika dzuwa likuswa mtengo, makolo akudziwa, ndipo ana amabwerera kwawo pa holide. Za kudambwe nazonso zili ndi eni ake, si zokometsera nthano.

Pofotokoza, dikirani madzulo magetsi atazima, mafoni atatha moto. Nenani "Padangotero," iwo ayankhe "Tili tonse," ngakhale Chichewa chawo n'chosakanikira ndi Chishona. Sukuluyo ikhale ndi kanyimbo kake koti azivomera, ka mizere iwiri basi. Wamng'ono mumulole atchule dzina la wophunzira mmodzi, ndipo dzinalo musalikane ngakhale likhale Supuni. Tsiku lililonse dulirani pamene chitseko chayamba kulira koma sichinatseguke, kenako muwauze akasambe m'mapazi.