Mkono Ukatupa Mwadzidzidzi Chifukwa cha Mtsempha Wopanika Paphewa

Ntchito yanga ndi yochititsa odwala mafizo kuno ku Zomba, ndipo vuto ili limandikhudza chifukwa limagwira anthu amphamvu zawo: ocheka matabwa kuphiri, asodzi opalasa bwato ku Kachulu, anyamata onyamula zitsulo. Mtsempha waukulu wobweza magazi kuchoka kumkono, wotchedwa subclavian, umadutsa pakampata pakati pa nthiti yoyamba ndi fupa lopingasa la paphewa. Munthu akamagwira ntchito mkono uli m'mwamba tsiku ndi tsiku, mafupa awiriwa amaupana, mkati mwake mumachita zipsera, mapeto ake magazi amaundana. Madokotala amati Paget-Schroetter, potengera James Paget amene analemba za vutoli mu 1875 ndi Leopold von Schroetter mu 1884.

Yambani mwayerekeza mikono yanu iwiri. Wodwalawo umatupa kuyambira kuzala mpaka paphewa, umalemera, khungu limada mobiriwira, wotchi imathina, timitsempha timaonekera paphewa ndi pachifuwa. Chonde musathowe, musasisite, musatemere mphini. Pitani ku Zomba Central tsiku lomwelo akaunike mtsemphawo ndi sikani. Mukayamba befu kapena kumva kubaya pachifuwa, thamangani ngakhale ndi usiku, pakuti magazi oundanawo atha kuthothoka n'kukatseka m'mapapo.

Chithandizo choyamba ndi jakisoni wa heparin, kenako mapilitsi monga warfarin, oletsa magazi kuundana. Palinso njira yolowetsa kapaipi mumtsempha n'kuthira mankhwala osungunula pomwe patsekapo, koma imathandiza bwino masiku 14 asanadutse. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti musazengereze. Funsani msanga kalata yokutumizani kwa dokotala wa maopaleshoni a mitsempha.

Apa m'pamene ambiri amabwerera m'mbuyo: akamva zochotsa nthiti. Ine ndikuti mvetserani dokotala mpaka amalize. Magazi angasungunuke, koma chopana mtsempha chikadalipo, ndipo mukabwerera kuntchito vuto litha kuyambiranso. Pa opaleshoni amachotsa nthiti yoyamba, amadula mnofu wa m'khosi womangika pa nthitiyo, n'kuchotsa zipsera zokulunga mtsempha. Ena amalowera m'khwapa, njira imene David Roos anaifotokoza mu 1966, ena pansi pa fupa la paphewa. Mtsempha ukakhalabe wothina amaufutukula ndi kabaluni. Stent (kapaipi ka waya kosiyidwa mkati mwa mtsempha kuti usatsekeke) yoikidwa nthiti isanachotsedwe imatha kuphwanyika chifukwa mafupa aja amaikanikiza, choncho musafulumire kuivomera. Funsaninso za ngozi zake: mpweya kulowa m'chifuwa n'kufinya papo, kutaya magazi, kapena kuvulala kwa minyewa yochititsa mkono kumva ndi kuyenda.

Mukatuluka, mankhwala oletsa magazi kuundana aja mumwabe, kawirikawiri miyezi 3. Ngati ndi warfarin, musaphonye kukayezetsa magazi, ndipo musagule brufen kapena aspirin pagolosale. Mafizo timayamba pang'onopang'ono, kuyendetsa zala pakhoma ndi kutembenuza khosi. Sowo, nkhafi ndi ndowa ya pamutu ziyambe zadikira mpaka dokotala atakulolani.