Mwana Akayamba Kuika Zinthu M'kamwa: Momwe Mungamutetezere Osamuletsa Kukwawa

Mwana akafika miyezi 4 kapena 5, chilichonse chimene dzanja lake lagwira chimathera m'kamwa, kaya ndi nsonga ya chitenje cha mayi ake, supuni, makiyi a njinga kapena chala cha agogo. Akayamba kukwawa, nthawi zambiri pakati pa miyezi 7 ndi 10, nkhawa imakula chifukwa tsopano amadzitolera yekha zimene wazipeza pansi. Makolo ena kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amakhalira kufuula kuti "lavula, n'zonyansa!" mpaka kumangomubereka mwana tsiku lonse kuti asatsike. Ena amangoti "tonsefe tinakula tikudya dothi", n'kumusiya. Oyambawo akumumana mwana chinthu chimene thupi lake likufuna, pamene enawo akuiwala kuti dothi la pakhomo silifanana lonse.

Khalidweli si matenda ndiponso si chizindikiro cha njala. Pa msinkhu umenewu milomo ndi lilime zimamva bwino kuposa zala, choncho mwana amazindikira kuuma, kufewa ndi kuzizira kwa chinthu pochilawa, ndipo kutafunatafuna kumakonzekeretsa nsagwada kudzadya phala ndi nsima. Mano oyamba akamamera, kawirikawiri cha pa miyezi 6, nkhama zimayabwa ndipo amafuna choluma. Zimenezi zimachepa zokha akamayandikira zaka ziwiri. Mwana wa miyezi 8 simungamuletse ndi mawu kapena ndi kambama, koma mungathe kusankha zimene azipeza akatambasula dzanja.

Choyamba, siyanitsani uve woopsa ndi uve wamba

Majeremusi ali paliponse, ndipo ambiri mwa iwo sadwalitsa. Mwana akanyambita mkeka wosesedwa, chala chake kapena supuni imene yagwera pa simenti youma, palibe chifukwa chothamangira naye kuchipatala kapena kumutsuka m'kamwa ndi sopo. Thupi lake limaphunzira kudziteteza pokumana ndi tizilombo ta masiku onse totere, ndipo mkaka wa m'mawere umamuthandiza pa ntchitoyo.

Choopsa kwenikweni ndi chimbudzi, cha munthu kapena cha ziweto. Zitosi za nkhuku ndizo zimanyalanyazidwa kwambiri, chifukwa nkhuku timakhala nazo pakhonde, zimalowa m'khitchini, ndipo pamakomo ena zimagona m'nyumba poopa akuba. Chitosi chouma chimaoneka ngati kamwala, ndipo mwana wa miyezi 9, amene wangophunzira kutola zinthu ndi zala ziwiri, amachitola mosavuta. M'zitosi ndi m'ndowe za mbuzi kapena nkhumba muli tizilombo totsegula m'mimba, ndipo m'dothi limene anthu anachitirapo chimbudzi mumakhala mazira a njoka zam'mimba. Mwana amene akumeza zimenezi kawirikawiri sangaoneke wodwala tsiku lililonse, koma matumbo ake amavutika kuyamwa chakudya, ndiye amapinimbira ngakhale akudya bwino.

Bibi ya mwana mnzake nayonso si yoyera ayi, ngakhale ambiri timaiona ngati yosavulaza. Itayeni m'chimbudzi, osati kuseri kwa nyumba kapena m'munda wa nthochi, ndipo madzi ochapira matewera musawakhuthulire pabwalo pamene ana amasewera. Nyengo ya mvula imafuna kusamala koposa, pakuti madzi othamanga kuchokera kumtunda amakokolola zonse n'kuzisiya pakhomo. Tinaziona zimenezi namondwe wa Freddy atagumula zimbudzi zambiri m'maboma athu mu Marichi 2023, pa nthawi imene dziko linali kale pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupha anthu opitirira 1,700.

Chachiwiri, mukonzereni malo ake

Sankhani malo amodzi, m'nyumba kapena pakhonde, sesani bwinobwino, yalanipo mphasa kapena mkeka, ndipo pamwamba pake muyalepo chitenje chochapa. Kenako gwadani pansi, mutu wanu ufike pamene pamafika maso a mwana, muyang'ane pansi pa mpando, kuseri kwa chitseko ndi m'mphepete mwa thumba la chimanga. Munthu woimirira saona njere ya nandolo imene yagubuduzikira pansi pa tebulo, koma mwana wokwawa ndiye woyamba kuipeza.

Chilichonse chocheperapo kuposa bokosi la machesi chichoke pamalopo. Ndikunena mtedza, chimanga chokazinga, nyemba, nandolo, njere za masuku, mtedza wa makademiya kwa inu a ku Thyolo, ndalama zachitsulo, mabatani, zitsekerero za mabotolo ndi tizidutswa ta majumbo. Zimenezi n'zoopsa kuposa majeremusi, chifukwa kutsegula m'mimba kumakupatsani nthawi yofika kuchipatala, pamene mtedza umodzi wotseka njira ya mpweya ungathe kupha mwana m'mphindi zochepa. Mabatire ang'onoang'ono ozungulira, a m'wotchi, m'zidole ndi m'timatochi, ndi oopsa mwapadera, popeza akakakamira kummero amayamba kuwotcha mnofu pasanathe maola awiri.

Mankhwala nawonso akwere m'mwamba, makamaka m'bokosi lotseka. Parafini kapena petulo musamasunge m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, chifukwa mwana amalidziwa botololo kuti ndi la zotsekemera. Chimodzimodzi mankhwala a makoswe, mankhwala othira m'chimanga, opopera mbewu zamasamba, feteleza, ndi mapiritsi a akuluakulu amene timakonda kusiya pamutu pa bedi. Ngati pafupi ndi nyumba pali nsatsi, dziwani kuti njere zake zili ndi poizoni, ndipo chinangwa chowawa chosaviika si choti mwana azilumako.

Nkhuku zikhale ndi khola lawo kunja. Ngati kumanga khola sikutheka msanga, ziingitseni pamalo a mwana ndipo musese zitosi m'mawa uliwonse asanatsike pansi. M'miyezi ya chiperoni, pamene mphasa sizimauma msanga, ziyanikeni dzuwa likangotuluka, chifukwa chinyezi chimasunga nkhungu ndi tizilombo.

Chachitatu, mpatseni zoti alume

Mwana amene ali ndi chake chotafuna savutika kwambiri kufunafuna za pansi. Simufunikira zidole za mtengo wapatali za ku Limbe. Kapu ya pulasitiki yolimba, chipande chosalala chopanda zisonga, kapena kansalu koyera konyowetsedwa ndi madzi ozizira owiritsa n'zokwanira. Muzizitsuka ndi sopo kamodzi pa tsiku, komanso nthawi iliyonse zikagwera pamatope, n'kuziyanika pathandala. Mukafuna kumulanda chinthu choipa, musachikoke mwamphamvu uku mukukuwa. Mpatseni chabwinocho ndi dzanja lina, adzasiya yekha chinacho.

Foni ndi ndalama zapepala musamupatse kuti atonthole. Ndalama imene mwalandira ngati chenji ku Chitakale, ku Limbuli kapena pamsika wa Bvumbwe yadutsa m'manja mwa anthu osawerengeka, ndipo foni timapita nayo paliponse osaipukuta. Mzimbe wosenda ndi njere ya mango si zoti azitafuna payekha, pakuti kachidutswa kakhoza kuthothoka n'kumutsamwa. Mango otola pansi pa mtengo atsukidwe kaye. Uchi musamupatse asanakwanitse chaka, ngakhale wongopaka pankhama, chifukwa nthawi zina umakhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangalimbane nato. Mikanda ya m'khosi kapena pamkono nayonso muiganizire bwino, popeza chingwe chikaduka mikandayo imathera m'kamwa.

Pali chizolowezi china chimene chimachitika mwachikondi koma n'chosathandiza, chonyambita supuni yagwa pansi kuti "iyere", kapena kumutafunira mwana chakudya. Malovu a munthu wamkulu amapatsira tizilombo tobowola mano ndi toyambitsa zilonda za pamilomo, ndipo ngati nkhama zake zimatuluka magazi angapatsirenso matenda ena oopsa. Chakudya chiphwanyeni ndi supuni.

Chachinayi, manja ndi madzi

Sambani m'manja ndi sopo mukachoka kuchimbudzi, mukasintha thewera, musanaphike ndiponso musanamudyetse. Mpondagiya pafupi ndi chimbudzi amathandiza kuti zimenezi zisaiwalike. Manja a mwanayo ndi amene amaiwalika kwambiri, chonsecho ndi amene amakhala m'kamwa tsiku lonse, choncho asambitseni asanadye ndiponso akachoka pansi, ndipo zikhadabo zake muziziwenga. Miyezi 6 yoyamba ayamwe bere lokha, popanda madzi kapena phala. Akayamba kumwa madzi, akhale owiritsa kapena othira klorini monga WaterGuard, motsatira malangizo a pabotolo kapena a mlangizi wa zaumoyo, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Madzi a mumtsinje wa Ruo kapena wa Likhubula angaoneke oyera mbee, koma kuyera kwa m'maso sikutanthauza kuti mulibe tizilombo. Mwetsani ndi kapu, osati botolo la nsonga, limene limavuta kutsuka.

Chachisanu, musanamizire mano

Apa ndi pamene ana ambiri amachedwetsedwa. Mwana akayamba kutsegula m'mimba pa miyezi 7, akuluakulu amati "musadandaule, ndi mano amenewo, akatuluka zisiya". Kumera mano kumachititsa dovu, kuliralira ndi kufuna kuluma, koma sikutsegula m'mimba ndipo sikutenthetsa thupi kwambiri. Zimangochitikira pamodzi chifukwa nthawi imene mano akumera ndi yomweyo imene mwana wayamba kukwawa, kulawa za pansi ndi kudya phala, komanso chitetezo chimene anabadwa nacho kuchokera kwa mayi chikuchepa. Kudikira kuti dzino lituluke kwinaku mwana akutha madzi m'thupi n'kuika moyo wake pachiswe.

Akatsegula m'mimba katatu kapena kuposa pa tsiku, pitirizani kumuyamwitsa pafupipafupi ndipo muyambe kumumwetsa Thanzi ORS, paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi otetezedwa, pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mudzalandiranso mapiritsi a zinki oti amwe masiku 10 mpaka 14, ndipo muwamalize ngakhale mwana atachira msanga. Liwombo likalowa m'kati, chimenecho ndi chizindikiro cha kutha kwa madzi m'thupi, ndipo mankhwala opaka pamutu sangabwezeretse madziwo.

Nyamukani nthawi yomweyo, usiku kapena usana, ngati mwana akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, wafooka moti sakudzuka bwino, wakomoka kapena kugwedezeka ngati wakhunyu, maso alowa, kapena m'chimbudzi chake muli magazi. Thupi likatentha akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Ndipo kusikelo musamajombe, chifukwa katemera wa rota, amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2012, amateteza ku kachilombo kamene kamatsegula m'mimba ana aang'ono kwambiri. Komweko mwana amalandira vitamini A kuyambira pa miyezi 6, ndi mankhwala a njoka zam'mimba akakwanitsa chaka.

Chachisanu ndi chimodzi, dziwani chochita akameza chinthu

Ngati wangolawa dothi, chotsani limene mukuliona, mupukuteni ndi kansalu konyowa, mumuyamwitse, kenako muzimuyang'anira kwa masiku angapo.

Ngati watsamwidwa koma akutsokomola mwamphamvu kapena kulira, ndiye kuti mpweya ukudutsa, choncho mulekeni atsokomole muli pomwepo. Musapise chala kukhosi kufunafuna chinthu chimene simukuchiona, chifukwa mungachikankhire m'kati. Koma ngati sakutulutsa mawu, sakupuma, kapena milomo yayamba kusintha mtundu, khalani pansi, mumugoneke chafufumimba pamkono wanu umene mwausanjika pantchafu, mutu wake ukhale chakumunsi uku mukugwira nsagwada zake, ndipo mumumenye kasanu pamsana pakati pa mapewa ndi kumunsi kwa chikhatho. Chikapanda kutuluka, mutembenuzeni chagada, mutu ukadali chakumunsi, muike zala ziwiri pafupa la pakati pa chifuwa, m'munsi pang'ono mwa mzere wa mawere ake, n'kudinikiza kasanu. Bwerezani mosinthanasinthana uku wina akufunafuna njinga yamoto kapena galimoto. Mwana wosakwana chaka sakanikizidwa pamimba. Chinthucho chikatuluka, pitanibe naye akamuone.

Ngati wamwa parafini, petulo kapena mankhwala alionse, musamusanzitse ndipo musamumwetse mafuta ophikira, mazira kapena madzi amchere. Parafini akamabwerera kukhosi amalowa m'mapapo, ndipo kumeneko ndi kumene amawononga kwambiri. Muvuleni zovala zimene zathiridwa mankhwalawo, mumusambitse, n'kuthamangira kuchipatala chapafupi mutanyamula botolo kapena paketi yake, kuti madokotala adziwe chimene akulimbana nacho. Mukangoganiza kuti wameza batire, musadikire kuti litulukire kuchimbudzi; pitani kumene angamujambule, monga kuchipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo, ku Mulanje Mission kapena ku Malamulo.

Zonsezi zisathere kwa mayi yekha. Amayi ambiri kuno amalawirira kukathyola tiyi, kumunda kapena kumsika, ndipo mwana amatsala ndi agogo, azakhali kapena mkulu wake wa zaka 8, amene m'thumba mwake muli mtedza ndipo amamugawira mng'ono wake chifukwa chomukonda. Khalani nawo pansi pamodzi ndi bambo a mwanayo, muwasonyeze mphasa yake ndi pamene mankhwala amasungidwa, muwauze zakudya zimene sayenera kupatsidwa, ndipo aliyense wamkulu ayeserere pa chidole kapena pa pilo kagonekedwe ndi kamenyedwe ka pamsana kaja mpaka manja azolowere. Musanachoke m'mawa, siyani nambala ya foni yanu ndi ya wanjinga yamoto wodalirika pamalo pamene wolera mwanayo angaipeze mosavuta.