Kudzidziwa ndi kudzivomereza malonda a usipa akakugwetsani

Msodzi wa ku Senga Bay sakangana ndi mwera. Ukayamba kuwomba mu June ndi July, amakokera bwato kumtunda n'kumasoka ukonde. Mtima nawo umachenjeza usanagwe, kungoti ambiri sitimva.

Yambani ndi thupi. Kwa masiku 7, madzulo aliwonse, lembani m'kope zinthu zitatu: chakuvutani lero, pomwe thupi lamva (mutu kuwawa, chifuwa kubanika, tulo kusowa), ndi chomwe munachita. Ngati kulemba kumakuvutani, jambulani mawu pafoni. Sabata ikatha, werengani zonse. Ambiri amapeza kuti mkwiyo wawo suli wachisawawa: umadza tsiku lobweza ngongole ku banki m'khonde likayandikira, kapena atachezera kunyanja osagona.

Kenako tchulani chomwe mukumva ndi dzina lake. "Sindili bwino" sikukuuzani chochita. Mayi yemwe usipa wake wawolera pathandala chifukwa cha mvula amakalipira ana, akumati amusowetsa mtendere, chonsecho chomudya ndi mantha a ngongole ndi manyazi pamaso pa anzake a m'gulu. Mantha amafuna kukhala pansi n'kuwerengera ndalama. Manyazi amachepa mukauza munthu mmodzi wodalirika. Kukalipira ana sikuchiza ngakhale chimodzi.

Mtima ukamathamanga, musayankhe munthu. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6, maulendo 10. Kutulutsa motalika n'kumene kumatsitsa kugunda kwa mtima. Kupuma mofulumira kumabweretsa chizungulire.

Kudzivomereza si kukhala manja lende. Jambulani mzere pakati pa tsamba. Mbali ina lembani zomwe simukanatha kuletsa: mvula, mtengo wa petulo, madzi osefukira ngati aja a ku Dwangwa mu 2024. Mbali inayo, zomwe zinali m'manja mwanu, mwina munapikula usipa wambiri mitambo ili bii. Vomerani mosabisa kuti "apa ndinaphonya", koma musafike poti "ndine chitsiru". Mawu oyambawo amakusiyirani chokonza, achiwiriwo amakugoneka. Muyeso wake ndi uwu: zomwe simungauze mng'ono wanu ali m'mavuto omwewo, musadziuze. Pomaliza sankhani chimodzi chokha choti muchite mawa, monga kukapempha gulu kuti mubweze pang'onopang'ono musanathawire kwa akatapila.

Pomwe zimasokonekera ndi apa: kope lija limasanduka bwalo lodziweruza. Mukaona choncho, onjezani mzere wa chomwe mwakwanitsa tsikulo, ngakhale kuphikira ana phala. Abambo, zoti mwamuna salira zija zimathera ku kachasu, yemwe amagonetsa msanga koma amadula tulo pakati pa usiku, nkhawa n'kudzuka itakula.

Kukhumudwa, kusafuna chakudya ndi kusagona zikapitirira masabata 2, pitani ku chipatala cha boma cha Salima kapena Nkhotakota mukafunse namwino woona za matenda a maganizo. Maganizo odzipha akabwera, uzani wachibale tsiku lomwelo, akuperekezeni kuchipatala.